Tsiku Lomwe Tinayeza Ndodo

Lachitatu, 17 Epulo

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Mudabwa kuti lero ndatenga pepala ndi cholembera ngati munthu wakalekale, foni ili m'thumba. Ndayesera kangapo kukuuzani pafoni, koma mukangoti "halo" ine ndimayamba za nyengo, za sukulu ya ana, za chimfine chimene chavuta kuno, mpaka mayunitsi kutha. Mumamudziwa mlongo wanuyu: pakamwa m'polongolola, koma ikafika nkhani yeniyeni amazungulira ngati nkhuku yofuna poikira. Ndiye ndati ndilembe, chifukwa papepala palibe amene angandidule mawu, ndipo inenso sindingathawe.

Amayi ali bwino, kupatula bondo lija limene limawavuta kukazizira. Denga la kukhitchini tinakonza, silikudonthanso. Jekete imene munatumizira bambo inafika, ndipo akuivala ngakhale dzuwa likuswa mtengo, akuti mwana wawo sanaitumize kuti izigona m'sutikesi. Koma bambo sakukweranso pamwala paja, achimwene, ndipo sadzakweranso. Nkhani imene ndakhala ndikuizemba ndi imeneyo.

Mukukumbukira momwe zinkakhalira. M'mawa uliwonse ankakwera chimwala chachitali chija cha kumapeto kwa gombe, nsalu yoyera ili paphewa. Anthu a khoka ankakhala pamchenga, bwato litakonzeka, maso onse ali m'mwamba kwa iwo. Munthu amene ali pamchenga kapena m'bwato saona nsomba za m'nyanja yamchere ino, amangoona mafunde ndi kunyezimira. Koma wapamwamba amaona chigulu cha nsomba ngati kamthunzi kakuda kakuyenda pansi pa madzi. Bambo akachiona ankakweza nsalu. Akaiponyera kumanja, opalasa ankakhotera kumanja. Akaizunguza pamutu, ankayamba kutsitsa khoka. Akaigwetsa pansi, ankatseka n'kubwerera kumtunda kuti anthu akoke. Ife tinakula ndi nsalu imeneyo, sukulu yanu ndi yanga inachokera momwemo. Mpaka lero pagombe palibe amene amawatchula dzina, aliyense amangoti a Maso.

Za ntchito yanga ndimakuuzani mwachidule, ndipo ndikudziwa kuti inu mumangoganiza kuti ndimasewera ndi zidole za ana. Lero mumve bwino, chifukwa nkhani yagona pamenepo. Bungwe limene ndimagwirako ntchito limafuna kudziwa ngati nsomba za m'nyanja muno zikuchepa kapena kuchuluka, ngati zikukula bwino kapena zikugwidwa zisanakhwime. Timagwiritsa ntchito droni, kandege kakang'ono kopanda munthu, kokhala ndi kamera kumimba. Ine ndimaima pamchenga ndi chowongolera m'manja, n'kumaona pasikirini zonse zimene kandegeko kakuona. Ndikapeza chigulu cha nsomba, ndimakaimika pamwamba pake penipeni, osasuntha, kamera itayang'ana pansi kuti zithunzi zituluke zowongoka. Kenaka ku ofesi kompyuta imatithandiza kuyerekeza kuchuluka kwa nsombazo ndi kutalika kwake. Kandegeko kali ndi kagetsi kophethira, ndipo kamalira mokwiyitsa khutu. N'chifukwa chake asodzi anakapatsa dzina loti Udzudzu.

Chaka chatha atanditumiza kuti ndizigwirira ntchito pagombe lathu lomwe lino, ndinali ndi mantha kuti bambo aona ngati ndabwera kudzawalanda mwala. Ndinawafunsa tikumwa tiyi. Anaseka mpaka kutsamwa.

"Mwanawe, kaudzudzu kakoko kamadziwa kusiyanitsa nsomba ndi mthunzi wa mtambo?"

Ndinati sikadziwa, wosiyanitsa ndine.

"Ndiye vuto lili pati? Iwe yeza zako, ine ndizionera anthu anga."

Ndipo zinayenda bwino kuposa momwe ndinkaganizira. Bwana wanga, mayi wamfupi wa chipewa chachikulu amene asodzi amamutcha Adokotala a Nsomba, anakondwa kwambiri. Ife tinkajambula chigulu kuchokera m'mwamba, anthu a khoka n'kuchigwira, ndiye tinkapita pamchenga ndi thabwa lathu loyezera kukaona ngati zimene kamera yanena zikufanana ndi nsomba zenizeni. Aliyense ankapeza zake. Ngakhale a Ndevu, mwini khoka uja wosakonda zachilendo, anayamba kupereka moni kwa Udzudzu ndi chipewa.

Chimene chinkandinyaditsa ine ndi ichi. Ndikangoimika kandege pamwamba pa chigulu, posakhalitsa nsalu ya bambo inkakwera. Tsiku ndi tsiku. Ndinkati taonani anthuni, makina odula ndi maso a nkhalamba akuona chinthu chimodzi nthawi imodzi. Ndinadzitama nazo ku ofesi mpaka anzanga kutopa nane, ndipo bwana ankafuna kuwajambula bambo kuti awaike m'lipoti lathu. Sindinadzifunse n'kamodzi komwe kuti n'chifukwa chiyani nsalu ija sinkakweranso kandege kasanaime. Kale bambo ankaona nsomba zikadali kutali, mpaka opalasa ankadandaula ndi mtunda. Tsopano ankangoona zimene ine ndaona kale. Masiku a mphepo, pamene ife sitiulutsa, iwo ankati mutu ukuwawa, kapena ankakhala pamwala tsiku lonse n'kutsika akuti nyanja ilibe kanthu. Anthu ankawakhulupirira, ndipo inenso ndinkawakhulupirira.

Mwezi watha bwana anapeza kuti zithunzi zathu zikusiyana pang'ono ndi zimene timayeza pathabwa. Madzi amanamiza diso, chinthu chikakhala pansi sichioneka kukula kwake kwenikweni. Ndiye anati titenge ndodo imene tikudziwa kutalika kwake, paipi yopakidwa penti yoyera ndi yakuda, tikaimangirire pansi pa madzi, tiijambule kuchokera m'mwamba, tione kuti kamera ikulakwitsa motani. Zimenezi tinkachita kale, koma pabwalo la ofesi, paudzu. Aka kanali koyamba kuchitira m'nyanja. Malo amene tinasankha ndi pa matanthwe akuthwa aja a pansi pa madzi, pamene munang'ambika phazi muli mwana, chifukwa pamenepo madzi ndi oyera ndipo pali pomangirira.

Madzulo ake tikudya, bambo anandifunsa kuti, "Mawa muulutsa?" Ndinati eya. Basi, ndinathera pomwepo. Ndinali ndi foni m'manja, ndikuyankha zopanda pake za mnzanga wa ku ofesi. Funso limenelo ankandifunsa madzulo aliwonse, ndipo ine ndinkaliona ngati chidwi cha kholo pa ntchito ya mwana. Achimwene, mawu amene ndinasiya ndi ochepa kwambiri: mawa sitikuyeza nsomba, tikuyeza ndodo. Ndimadzuka nawo mawu amenewa, ndimagona nawo.

Kutacha nyanja inali bata. Mnzathu wodziwa kumira anakamangirira ndodo ija madzi asanadzaze, ndipo pamene dzuwa limakwera matanthwe onse anali atabisika. Ine ndi bwana tinaima kumapeto ena a gombe, kutali ndi mwala wa bambo. Ndinaulutsa kandege, n'kukaimika pamwamba pa ndodo. Ntchito imeneyi imafuna kudekha kuposa ya nsomba. Umaima, kujambula, kukwera pang'ono, kuimanso, kujambulanso. Kandege kanakhala pamalo amodzi nthawi yaitali kuposa tsiku lina lililonse. Lamulo la ntchito yathu ndi loti woulutsa maso ake azikhala pa kandege ndi pasikirini, osati kwina, ndipo ine ndimalisunga bwino lamulo limeneli. Sindinacheukire kumwala.

Ndinangoona nsonga ya bwato ikulowa m'mbali mwa sikirini. Poyamba ndinaganiza kuti abwera kudzaona zimene tikuchita. Kenaka ndinaona khoka litaunjikidwa kumbuyo, anthu awiri ataimirira pambali pake mokonzeka. Nditadzutsa mutu, kutali uko nsalu yoyera inali m'mwamba.

Ndinamva pambuyo pake kuti m'bwato anakangana. Wopalasa wina anati, "Kumenekotu ndi kumiyala, tikufera chiyani?" Koma a Ndevu anamukalipira kuti, "Palasa iwe! A Maso atilowetsapo kangati pa mpata uja?" Ndipo sananame. Pakati pa matanthwe aja pali kampata ka mchenga kamene kamaoneka bwino kuchokera pamwamba pokha, ndipo zaka zonsezi bambo akhala akuwadutsitsa pamenepo osakola ngakhale chingwe chimodzi. Anthuwo sanapite kumiyala chifukwa cha uchitsiru. Anapita chifukwa nsalu ija inali isanawanamizepo.

Ndinakuwa, koma mawu anga anathera m'mafunde. Ndiye ndinachita chinthu chimene ndinkaganiza kuti ndi chanzeru. Ndinatsitsa kandege pafupi ndi bwato n'kumakagwedeza uku ndi uku, kuti mwina amva kuti ndikuti bwererani. Iwo anakakupizira zipewa, akusangalala kuti Udzudzu nawonso wavomereza. Ndipo kumwala kuja bambo anazunguza nsalu pamutu. Ndinaona khoka likutsika m'madzi, lonse, bwinobwino, pasikirini yanga yomwe. Ndinaponyera bwana chowongolera n'kuyamba kuthamanga. Mumadziwa momwe mchenga umagwirira miyendo munthu akamafulumira.

Pamene ndimafika anthu anali atayamba kale kukoka, akuimba monga mwa nthawi zonse. Chingwe chinalimba. Anati ndi kulemera kwa nsomba, n'kuwonjezera mphamvu, azimayi ogula nsomba nawo n'kugwirako. Kenaka chinangomasuka mwadzidzidzi, anthu n'kugwa chagada pamchenga. Zimene zinafika kumtunda ndi nsanza zokhazokha, zoyandamitsa zoduka, ndere, ndi ndodo yathu ija ya penti yoyera ndi yakuda, itakodwa pakati. Munthu wina anaseka, koma atazindikira kuti akuseka yekha anasiya.

Bambo anali atayamba kutsika. Kwa nthawi yoyamba ndinayang'anitsitsa momwe amatsikira: phazi likufufuza kaye popondapo, dzanja likugwira udzu wa m'mbali. Ine ndinkati ndi ukalamba chabe. Anafika akumwetulira, nsalu ili paphewa, n'kuima pafupi penipeni ndi nsanza zija, moti akanatambasula phazi akanazikhudza.

"Zatuluka bwanji lero, a Ndevu? Mwapeza zikuluzikulu?"

A Ndevu anawerama mokwiya. Anasolola ndodo ija m'khoka n'kuwaika m'manja.

"Nsomba yanu ndi iyi, a Maso. Kakazingeni."

Bambo anaisisita ndodoyo kuchokera nsonga ina mpaka ina. Sanaiyang'ane, anaimva ndi zala. Ndi pamene mayi wina wogula nsomba anagwira pakamwa n'kunena mokweza zimene tonse tinali titaona kale: "Mayo ine, akuluwa saona."

Sindidzaiwala nkhope yawo, achimwene. Sanakwiye, sanadzikanire. Anaika ndodo pansi mosamala ngati ya mwini, n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Mwana wanga ali pompano?" Ndinali nditaima patsogolo pawo penipeni. Ndinati ndili pano, bambo. Anati, "Ndiperekeze kunyumba." Anandigwira pamkono, ndipo tinadutsa pakati pa anthu amene awadalira zaka zonsezi, aliyense akuyang'ana pansi.

Titafika analowa kuchipinda n'kutseka chitseko. Ine ndinawapeza amayi akuyanika zovala kuseri, ndipo ndinawalankhula mwa njira imene sindinawalankhulepo. Ndinawafunsa ngati ankadziwa. Sanasiye n'kuyanika komwe.

"Ukuganiza kuti nsapato zawo zimadziika zokha pamalo amodzi tsiku lililonse? Ukuganiza kuti mpando uja ndinausiyiranji kuusuntha posesa?"

"Nanga bwanji osandiuza, amayi?"

"Anandiletsa. Anati mwana akadziwa asiya kuyang'ana ntchito yake, aziyang'ana ine."

Anandiuza kuti zinayamba ine ndisanabwere ndi kandege. Bambo anali atatsala pang'ono kukauza a Ndevu kuti apeze wina, koma tsiku lililonse ankati mawa. Ndiye kunabwera Udzudzu. Amayi anati, "Kandege kako kanawapatsa chaka chathunthu, mwanawe. Usangoona za lero zokha." Mwina ananena kuti anditonthoze, koma ine sizinanditonthoze. Chaka chimenecho ndi chimene bambo akanakhala akuonana ndi a dokotala.

Tsiku lotsatira ndinawapeza bambo pakhonde, ndipo anandifotokozera okha osadikira kufunsidwa. Anati nyanja yonse inasanduka chifunga chowala, mwakuti nsomba, mtambo ndi mwala zonse n'chimodzimodzi. Koma kagetsi kanga ankakaona, kakuphethira ngati chiphaniphani, ndipo kulira kwake ankakumva bwino. Anaphunzira okha kuti kakamayendayenda ndiye kuti ndikufunafuna, kakaima ndiye kuti ndapeza. Zotsalazo ankachita ndi makutu: kumenya kwa nkhafi, mawu a opalasa, mbali imene mphepo ikuchokera. Tsiku lija anamva ndithu kuti kandege kali cha kumiyala, koma anati mwana wanga sangaime nthawi yaitali choncho pamalo opanda kanthu, nsombazo ziyenera kuti zili m'kampata ka mchenga. Atakaona kakutsika n'kumagwedezeka, anati ndithu ndi chigulu chachikulu.

Ndinalira, achimwene. Ndinati bwanji osangondiuza, ndikanakuthandizani.

"Ukanandithandiza bwanji? Ukananamiza bwana wako, kapena ukananamiza a Ndevu. Ndinasankha kuti wonama m'nyumba muno ndikhale ndekha."

Ndinawakakamiza kupita kuchipatala cha maso. Anapita chifukwa amayi anati akapanda kupita iwo sadya. A dokotala anatiuza kuti diso lakumanja lili ndi ng'ala, ndipo imeneyo ingathe kuchotsedwa. Lakumanzere lili ndi matenda ena amene amapha diso pang'onopang'ono osapweteka, ndipo linapita kale. Anati tikanabwera msanga akanaliteteza ndi mankhwala. Sananene mokalipa, koma ine ndinamva ngati akuloza ine, munthu amene ndimalipidwa chifukwa choona zinthu. Anatinso ngakhale ng'ala itachotsedwa, bambo azidzaona njira, mbale ndi nkhope za anthu, koma zoona nsomba kuchokera pamwala aiwale. Ndipo anachenjeza kuti tisachedwe, chifukwa matenda a diso linalo akhoza kuyambanso m'limene latsalali.

Bambo anamvetsera zonse mwaulemu, anathokoza a dokotala, ndipo titangotuluka pageti anati sabwereranso kumeneko. Ndinati chifukwa chiyani. Anati, "Ndikaone chiyani? Nkhope za anthu amene ndinawang'ambira khoka?" Kuyambira tsikulo nkhani ya chipatala ikayamba, iwo amayatsa wailesi.

Khoka lija akulisokabe pansi pa mitengo ya kugombe. Kuchokera tsiku lija bwato silinalowe m'madzi, ndipo mukudziwa tanthauzo lake m'makomo a anthu aja. Palibe amene wabwera kudzatilankhula zoipa, koma mwina zikanakhala bwino akanatero. Ndikamadutsa amandipatsa moni wofatsa kwambiri, wa pamaliro. Ndinauza bambo kuti zala zawo zimadziwa mfundo za khoka kuposa wina aliyense, apite akathandize kusoka, anthu akawalandira. Anati munthu sapita kukapepesa ndi singano m'manja ngati kuti zinang'ambika zokha.

Sabata yatha a Ndevu anabwera kunyumba, chipewa chili m'manja. Anakhala pampando wa alendo n'kumazunguza chipewacho, mpaka amayi anawafunsa ngati abwera kudzachigulitsa. Anati abwera kudzapepesa chifukwa cha mawu a ndodo aja, akuti sakugona nawo. Bambo anakana kutuluka kuchipinda, koma chitseko anachisiya chotsegula pang'ono. Kenaka a Ndevu anatembenukira kwa ine, ndipo ndinaona kuti pali china chimene chikuwavuta kutulutsa. Anati anthu a khoka agwirizana kuti apeze kandege kawokawo, kakang'ono, ndipo akupempha kuti ndiwaphunzitse kaulutsidwe kake. Anati, "Sikuti tikunyoza a Maso, mwana wanga. Koma palibe wina amene anaphunzira ntchito ya pamwala, ndipo ana akufuna kudya."

Yankho linachokera kuchipinda.

"Uwaphunzitse, mwanawe. Koma uwauze kuti sikaima pa nsomba pokha."

Bambo anaseka okha, kuseka kouma kotsiriza ndi chifuwa. Ife tonse tinangoyang'ana pansi, ndipo a Ndevu anatsanzika tiyi asanathe.

Bwana wanga ndi munthu wabwino. Anati si kulakwa kwanga, ndinachita ntchito monga mwa malamulo, ndipo anapita yekha kugombe kukathandiza ndi ulusi wosokera. Anandifunsanso ngati ndikufuna kuti afufute kanema wa tsikulo, chifukwa kandege kanajambula zonse. Ndinamuonera kamodzi. Mukuoneka ndodo, bwato, zipewa zikukupiza, khoka likutsika. Bambo sakuonekamo ngakhale pang'ono, chifukwa kamera yathu imayang'ana pansi pokha. Ndikugwirabe ntchito, ndikuulutsabe, ndipo manambala athu akuti tsopano akutuluka olondola kwambiri. Sindikudziwa kuti ndikondwe nazo bwanji.

Ndikudziwa kuti mukawerenga mufuna kundifunsa kuti ine ndinali kuti, munthu wogona nawo nyumba imodzi. Funsani, muli ndi ufulu. Ndinali pomwepa. Ndinkaona akuthira shuga pambali pa kapu n'kumaseka kuti bambo mwayamba kudyetsa nyerere. Ndinkaona akupatsa moni alendo ndi mawu oti "a ndani kodi" n'kumati ndi nthabwala zawo. Ndinali wotanganidwa ndi kunyadira maso awo moti sindinawayang'ane m'maso. Zimenezi zikundipweteka kuposa khoka lija, ndipo palibe chimene munganene choposa chimene ndimadziuza ndekha.

Tsopano pempho langa. Bwerani, achimwene. Ndikudziwa kuti tchuthi sachipereka mosavuta kumeneko, ndipo ulendo ndi wautali, koma bwerani. Sindikupempha kuti mutumize chilichonse. Za mwala zinatha, sitingazibweze, koma diso limodzi likadalipo, ndipo tsiku lililonse limene akukana ndi tsiku limene tikulitaya. Amayi ayesera, alephera. Ine ndikangotsegula pakamwa amandiyankha mofatsa ngati akutonthoza mwana, chifukwa amadziwa kuti ndikudziimba mlandu, ndipo nkhani imathera pa kundipepesa ine. Inu ndi amene mumatha kukangana nawo mpaka onse awiri kutuluka thukuta, kenaka iwo n'kuchita zimene mwanena akunamizira kuti anaganiza okha. Bwerani mudzakangane nawo. Musadzanene kuti ndakulemberani zonsezi, mudzangoti mwawasowa.

Amayi akupereka moni, akuti muzivala zofunda. Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti sindinaiwale nsalu imene ndinawalonjeza. Ana muwapsompsone m'malo mwanga. Koma chonde musiye kaye kutumiza zithunzi zawo. Bambo amatenga foni, kuiyandikitsa kumaso n'kumati, "Ee, akula anthuwa, taonani uyu wafanana ndi bambo ake," pamene amayi akuwanong'oneza kumbali kuti uyu ndi wamkulu, uyu ndi wamng'ono. Ine ndimachoka pamenepo, sindipirira. M'malo mwake anawo azitumiza mawu, aziimba, azikangana, azinena chilichonse. Zimenezo amazimvetsera mobwerezabwereza mpaka batire kutha.

Bambo nawonso akupereka moni. Ndinawauza kuti ndikukulemberani, ndipo anati ndikuuzeni kuti ali bwino, angopuma pa ntchito chifukwa cha miyendo. Ndalonjeza kuti ndilemba choncho, ndiye ndalemba.

Chomaliza, ndipo ichi musaiwale. Ndikukudziwani ndi masewera anu ofika mwakachetechete n'kuima pakhomo, chikwama chili m'manja, kudikira kuti tikuoneni tikuwe. Ulendo uno musadzatero. Mudzawapeza bambo atakhala pakhonde, atayang'ana kumsewu komwe mukuchokera, ndipo adzakuyang'anani ngati mlendo wofunsa njira. Mudzayambe ndinu kulankhula mukadali pageti, mokweza, kuti akudziweni mawu, adzuke n'kukutchulani dzina ngati kuti anakuonani muli kutali. Muwalole zimenezo, achimwene.

Ndine mlongo wanu wokukondani,

Mzime wa m'nyumba muno